Ngozi ya sitima ya asilikali ku Quintinshill mu 1915: mafunso ndi mayankho

Pa ngozi zonse zapanjanji zimene zachitikapo m'dziko la Britain, palibe imene inapha anthu ambiri kuposa ya ku Quintinshill, yomwe inachitika Loweruka m'mawa pa 22 Meyi 1915, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili mkati. Ambiri mwa amene anafa anali asilikali a ku Leith omwe anali pa ulendo wopita kunkhondo ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, koma anathera panjira asanatuluke n'komwe m'dziko lakwawo la Scotland.

Kodi Quintinshill ndi kuti, ndipo panachitika zotani?

Quintinshill sinali tauni kapena siteshoni. Pamalopo panali kanyumba ka oyang'anira zizindikiro za sitima basi, pakati pa minda, kufupi ndi mudzi wa Gretna Green, chakumpoto pang'ono kwa malire a Scotland ndi England, makilomita pafupifupi 16 kuchokera mumzinda wa Carlisle. Apa pankadutsa njanji yaikulu ya kampani ya Caledonian Railway yolumikiza Carlisle ndi Glasgow. Njanji zazikulu zinali ziwiri, ina ya sitima zolowera kumpoto ndipo ina ya sitima zolowera kum'mwera, ndipo m'mbali mwa iliyonse munali njanji yopatukira pomwe sitima yoyenda pang'onopang'ono inkaima kuti yothamanga idutse.

Nthawi ili 6:49 m'mawa, sitima yonyamula asilikali yochokera kumpoto inawombana maso ndi maso ndi sitima yaing'ono yonyamula anthu imene inali itaimikidwa panjanji yake. Mabogi ophwanyika anagwera panjanji inayo, ndipo patangopita mphindi imodzi sitima yothamanga yochokera ku London kupita ku Glasgow, yokokedwa ndi injini ziwiri, inafika n'kulowa m'ziphwanyikazo, kupha ena amene anali atangotuluka kumene m'mabogi. Sitima ziwiri zakatundu zomwe zinali panjanji zopatukira nazonso zinakhudzidwa. Kenako moto unabuka.

Asilikaliwo anali ndani?

Anali theka la gulu lotchedwa 1/7th Battalion la Royal Scots, amuna pafupifupi 500 pamodzi ndi mkulu wawo, Lieutenant Colonel Carmichael Peebles. Sanali asilikali olembedwa ntchito yausilikali ya moyo wonse. Anali a gulu la anthu wamba amene nkhondo isanayambe ankagwira ntchito zawo kudoko, m'mafakitale ndi m'masitolo, n'kumaphunzira zausilikali panthawi yopuma. Ambiri ankachokera ku Leith, tauni yadoko imene panthawiyo inali yodziimira payokha isanaphatikizidwe ndi Edinburgh mu 1920, ndipo ena ankachokera ku Portobello ndi Musselburgh. Mfundoyi ndi yofunika kuimvetsa chifukwa gulu lolembedwa m'dera limodzi likawonongeka, maliro amagwa mumsewu umodzi, m'nyumba zoyandikana, ndipo nthawi zina m'banja limodzi.

Iwowa anakwera sitima pasiteshoni ya Larbert isanakwane 4 koloko m'bandakucha, kulowera ku Liverpool komwe ankakakwera sitima yapamadzi. Nkhondo ya ku Gallipoli inali itayamba pa 25 Epulo chaka chomwecho ndipo kunkafunika asilikali owonjezera mwamsanga. Theka linalo la gululi linali m'sitima ina.

Zinatheka bwanji kuti sitima yonyamula anthu iime panjanji ya sitima zochokera kutsogolo kwake?

M'mawa umenewo sitima ziwiri zothamanga zoyenda usiku kuchokera ku London zinachedwa. Sitima yaing'ono yochokera ku Carlisle kupita kumpoto ku Beattock, imene inkayenera kunyamuka ku Carlisle pambuyo pa ziwirizo, inaloledwa kutsogola, pomvana kuti ipatuke panjira zothamangazo zikaipeza. Ikanaima panjanji yopatukira ya mbali yake ku Quintinshill, koma pamenepo panali kale sitima yakatundu yochokera ku Carlisle. Woyang'anira zizindikiro wa usiku, George Meakin, anaibweza cham'mbuyo n'kuiwolotsera panjanji yaikulu yolowera kum'mwera. Patangopita mphindi zochepa kunafika sitima ya mabogi a malasha opanda kanthu yochokera kumpoto, ndipo anailowetsa panjanji yopatukira yotsalayo. Motero pa njanji zinayi, zitatu zinali ndi sitima zoima.

Kuimika sitima panjanji ya mbali ina sikunali kulakwa ayi. Malamulo ankalola zimenezi ndipo zinkachitika kawirikawiri. Chimene malamulowo ankafuna n'chakuti sitima yoimayo itetezedwe, ndipo apa m'pamene zinthu zinalakwika. Tiyeneranso kukumbukira kuti nkhondo inali itadzaza njanjiyi ndi sitima za malasha opita kwa asilikali apamadzi kumpoto kwa Scotland, kotero kuti njanji zopatukira, zimene zinapangidwa kuti zizikhala zotsegula, zinkapezeka zotsekeka nthawi zambiri.

Ndi malamulo ati amene sanatsatidwe?

Njanji inkagawidwa m'zigawo, ndipo lamulo lalikulu linali lakuti m'chigawo chimodzi musalowe sitima ziwiri nthawi imodzi. Oyang'anira zizindikiro a m'tinyumba toyandikana ankalankhulana poliza mabelu. Wina akafuna kutumiza sitima ankayamba wapempha mnzake wakutsogolo, ndipo mnzakeyo ankavomera pokhapokha njanji yake ikakhala yopanda kanthu. Chilichonse chinkalembedwa m'kaundula pamodzi ndi nthawi yake.

Choyamba, sitima ya malasha itapatuka, Meakin ankayenera kuliza belu lodziwitsa kanyumba ka Kirkpatrick, kakumpoto, kuti njanji yolowera kum'mwera ndi yotsekeka. Belu limenelo likanalira, wa ku Kirkpatrick sakanapempha n'komwe kutumiza sitima ya asilikali. Silinalire. M'malo mwake ku Kirkpatrick kunangofika uthenga wakuti sitima ya malasha yatuluka m'chigawo, ndipo pofufuza pambuyo pake amuna onse awiri a ku Quintinshill anakana kuti sanautumize ndi iwo.

Chachiwiri, m'kanyumbamo munali mphete zachitsulo zimene woyang'anira ankaveka pachitsulo chokokera chizindikiro kuti chisakokeke njanji ikakhala ndi sitima. Ndi kachipangizo kakang'ono kokwana m'dzanja, ndipo kukaveka sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Meakin sanakaveke, ndipo zinadziwika kuti pamalopo anali atazolowera kugwira ntchito popanda mphetezo.

Chachitatu chinali lamulo la nambala 55, lomwe linkati sitima ikaimikidwa panjanji yaikulu, mmodzi wa oiyendetsa apite m'kanyumba kukakumbutsa woyang'anira ndi kuonetsetsa kuti sitimayo yatetezedwa. Nzeru ya lamuloli ndi ija akuluakulu amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. George Hutchinson, wothira malasha m'injini ya sitima yaing'ono ija, anapitadi m'kanyumbamo, anasaina m'kaundula, n'kubwerera kuinjini yake osayang'ana ngati mphete yavekedwa. Siginecha inalipo, koma ntchito imene siginechayo inkachitira umboni sinagwiridwe.

Chachinayi chinali chinsinsi cha oyang'anira awiriwo. Ankayenera kusinthana ntchito 6 koloko m'mawa, koma anapangana kuti azisinthana cha m'ma 6:30, kuti wam'mawa azigonako pang'ono ndiponso kuti azikwera sitima yaing'ono ija kuchokera ku Gretna tsiku limene ikuima ku Quintinshill, m'malo moyenda pansi. Pofuna kuti mabwana asadziwe, wausiku ankalemba zochitika za pambuyo pa 6 koloko pakapepala, ndipo wam'mawa akafika ankazikopera m'kaundula ndi dzanja lake. M'mawa umenewo James Tinsley anafika n'kuyamba kukopera. Meakin, amene anali ataweruka, anakhalabe m'kanyumbamo kuwerenga nyuzipepala, ndipo munalinso ogwira ntchito m'sitima zakatundu zija, ngakhale kuti malamulo sankalola anthu kucheza mmenemo.

Koma munthu angaiwale bwanji sitima imene wangotsikamo?

Funso limeneli ndi limene lavutitsa anthu kwa zaka zoposa 100. Tinsley anabwera atakwera painjini ya sitima yaing'onoyo, anaiona ikuwolotsedwera panjanji inayo, ndipo inaima poonekera, kufupi ndi mawindo a kanyumba kake, kunja kutayera. Sitima yothamanga yoyamba itadutsa bwinobwino pa 6:38, belu la ku Kirkpatrick linalira kupempha njira ya sitima ya asilikali. Iye anavomera, anakoka zizindikiro zonse zoiuza kuti idutse, n'kutsegulanso njira ya sitima yothamanga yachiwiri. Pofunsidwa, yankho lake linali lakuti anaiwala.

Kuiwala kotereku si kwachilendo pantchito imene munthu amabwereza tsiku ndi tsiku. Maso ali pakaundula, makutu ali pankhani za nkhondo zimene anzake akukamba, belu lalira, dzanja lachita chimene linazolowera. Amene analemba malamulo a njanji ankadziwa bwino kuti munthu amaiwala, ndipo n'chifukwa chake anaika belu lotsekera njanji, mphete yachitsulo ndi lamulo la nambala 55, kuti chimodzi chikalephera china chigwire. M'mawa umenewo zonse zitatu zinali zitasiyidwa Tinsley asanakhudze chokokera chilichonse.

Ofufuza ena a m'zaka zaposachedwapa anena kuti mwina Tinsley ankadwala khunyu ndipo anasokonezeka mutu panthawiyo, komanso kuti kampani inabisa zimenezi. Akatswiri ena a mbiri ya njanji amatsutsa ganizoli ponena kuti umboni wake ndi wochepa. Mulimonse mmene zinalili, sitima yodzaza ndi anthu sinkayenera kudalira kukumbukira kwa munthu mmodzi.

N'chifukwa chiyani anafa anthu ochuluka chonchi?

Njanji yofika ku Quintinshill kuchokera kumpoto ndi yotsetsereka, ndipo sitima ya asilikali inkathamanga kwambiri, zizindikiro zonse zitaiuza kuti njira ndi yotsegula. Woiyendetsa, Francis Scott, ndi wothira malasha wake, James Hannah, anafera pomwepo. Mphamvu ya kuwombanako inali yaikulu moti sitima imene inali yotalika mamita pafupifupi 195 inafinyika n'kutsala mamita 61 okha, mabogi atalowerana ndi kusanjikizana.

Chimene chinachulutsa imfa ndi mtundu wa mabogiwo. Chifukwa cha kuchepa kwa mabogi panthawi ya nkhondo, asilikaliwa anapatsidwa mabogi akale a kampani ya Great Central Railway, ambiri opangidwa ndi matabwa mpaka m'munsi mwake momwe. Nyale zake zinkayaka ndi gasi wosungidwa m'matanki omangiriridwa kunsi kwa bogi lililonse, ndipo matankiwo anali atadzazidwa ulendo usanayambe. Ataphulika, gasi anakumana ndi makala amoto otayika kuchokera m'mainjini, ndipo matabwa ouma opakidwa penti anayaka nthawi yomweyo. Amuna ambiri amene anapulumuka pa kuwombana kwenikweniko anali atapanikizika ndi zitsulo ndi matabwa, moto n'kuwapeza ali moyo. Zipolopolo zimene zinali m'sitimamo zinkaphulika m'motomo, opulumutsa anzawo ali pomwepo.

Malowo anali kutali ndi madzi okwanira. Anthu a m'mafamu oyandikana, madokotala a m'deralo, asilikali opulumuka ndi apaulendo a m'sitima yothamanga ija anayesetsa kukoka amene akanatha kuwafikira, ndipo madokotala ena anadula miyendo kapena mikono ya opanikizika kuti awachotse moto usanafike. Ozimitsa moto a ku Carlisle anafika patapita maola pafupifupi atatu, ndipo motowo sunazime mpaka m'mawa wa tsiku lotsatira.

Kuopsa kwa gasi m'sitima kunali kodziwika kale. Pa ngozi ya ku Hawes Junction mu Disembala 1910, yomwenso inayamba chifukwa woyang'anira zizindikiro anaiwala injini zimene zinali panjanji, ndiponso pa ya ku Ais Gill mu 1913, mabogi anapsa ndipo anthu anafa ndi moto. Chenjezo linali litaperekedwa kawiri konse m'zaka zisanu.

Anafa anthu angati?

Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi anthu 226 akufa ndi 246 ovulala, ngakhale kuti lipoti la boma linati 227 ndipo ena amawerengera mpaka 230. Kusiyanaku kulipo chifukwa kaundula wa mayina a asilikali anapsera m'sitimamo, ndipo mitembo yambiri inapsa mosazindikirika, ina mpaka kusanduka phulusa. Mwa akufawo, oposa 210 anali a Royal Scots. Otsalawo anali apaulendo a m'sitima ziwiri zinazo ndi ogwira ntchito panjanji atatu. Madzulo a tsikulo, cha m'ma 4 koloko, mayina ataitanidwa m'munda wa pafupi ndi njanji, anayankha ndi asilikali wamba 58 ndi akuluakulu 7 okha.

Panapezekanso mitembo inayi yooneka ngati ya ana, imene palibe anabwera kudzaizindikira. Inaikidwa kumanda a Western Necropolis ku Glasgow. Poyerekeza, ngozi yachiwiri pa kuchuluka kwa akufa m'mbiri ya njanji za Britain, ya ku Harrow and Wealdstone mu 1952, inapha anthu 112.

Kodi n'zoona kuti asilikali ena anawomberedwa ndi anzawo?

Nkhani imeneyi yakhala ikukambidwa kuyambira masiku a ngoziyo. Manyuzipepala ena a nthawiyo ndiponso ena mwa amene analipo ananena kuti amuna opanikizika, poona moto ukuyandikira, anapempha kuti awomberedwe, ndipo akuluakulu ena a asilikali anachitadi zimenezo. M'malipoti a boma ndi a gulu lankhondo simunalembedwe chilichonse chotere, ndipo n'zosadabwitsa chifukwa mwalamulo kumeneko kukanakhala kupha. Ngati zinachitika, amene anawomba mfutizo sayenera kuweruzidwa ndi munthu amene sanaime pafupi ndi moto umenewo.

Opulumuka ndi ofedwa zinawathera bwanji?

Madzulo omwewo asilikali opulumuka anakwezedwa sitima ina kupita ku Carlisle, ndipo m'mawa mwake anapita nawo ku Liverpool, ngati kuti ulendo ukupitirira. Kumeneko madokotala anapeza kuti sangathe kupita kunkhondo ndipo anabwezedwa ku Edinburgh, kupatula Peebles ndi akuluakulu ena asanu amene anakwera sitima yapamadzi ya Empress of Britain pamodzi ndi theka lina lija. Zimanenedwa kuti pamene opulumukawo ankayenda mumsewu ku Liverpool, ali mbuu ndi zovala zong'ambika, ana anawagenda miyala powayesa akaidi ankhondo a ku Germany. Amene anafika ku Gallipoli nawonso anakumana ndi tsoka, pakuti pa 28 Juni 1915 gululi linataya amuna ambiri pankhondo ya ku Gully Ravine.

Mitembo ya asilikali inafikira kuholo yophunziriramo zausilikali ya mumsewu wa Dalmeny Street ku Leith, komwe achibale ankabwera kudzafunafuna awo. Lolemba pa 24 Meyi, mabokosi oposa 100 ananyamulidwa kupita kumanda a Rosebank, chikhamu cha anthu chitaima m'mbali mwa misewu kwa maola angapo, ndipo anaikidwa m'manda amodzi. Mabanja ambiri analira maliro popanda mtembo woti auloze.

Ndani anaimbidwa mlandu?

Kafukufuku wa boma anatsogoleredwa ndi Lieutenant Colonel Edward Druitt, amene anayamba kumva maumboni ku Carlisle pa 25 Meyi. Iye anapeza kuti ngoziyo inachitika chifukwa Meakin ndi Tinsley sanatsate malamulo, ndipo anadzudzulanso Hutchinson. Popeza ena mwa ovulala anakafera kuzipatala za ku Carlisle, mbali ya England, kumeneko kunachitikanso kafukufuku wa imfazo amene analoza amuna atatu omwewo. Pomalizira pake akuluakulu a zamalamulo a ku England ndi ku Scotland anagwirizana kuti mlandu ukazengedwe ku Scotland.

Mlanduwo unalowa m'khoti lalikulu ku Edinburgh mu Sepitembala 1915 pamaso pa Lord Strathclyde, ndipo sunathe masiku awiri. Woweruza analamula kuti Hutchinson alibe mlandu woti ayankhe. Loya wa oimbidwa mlandu sanaitane mboni ngakhale imodzi. Gulu la anthu wamba othandiza kuweruza linangokambirana mphindi 8 n'kupeza Tinsley ndi Meakin olakwa pa mlandu wopha anthu chifukwa chonyalanyaza ntchito. Tinsley analamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu akugwira ntchito yakalavulagaga, Meakin miyezi 18. Bungwe la ogwira ntchito panjanji litawadandaulira, onse awiri anatulutsidwa mu Disembala 1916, ndipo kampani ya Caledonian inawalembanso ntchito, Tinsley yosamalira nyale ndipo Meakin yoyang'anira mabogi a sitima zakatundu.

Kodi chilungamo chinachitika?

Amuna awiriwa analakwadi, ndipo palibe chifukwa chowayeretsera. Anapangana chinyengo cha kaundula, anasiya njira zotetezera zimene ankazidziwa bwino, ndipo anthu oposa 200 anafa. Koma khoti linangofunsa funso limodzi, lakuti ndani anakoka chizindikiro, n'kusiya mafunso ena amene ankafunika kuyankhidwa ndi anthu a maudindo akuluakulu. Chizolowezi chosinthana mochedwa chinali chitakhalapo kwa nthawi yaitali, ndipo kanyumbako kanali ndi mabwana oyenera kukayendera. Mphete zachitsulo zinkasiyidwa popanda wodzudzula. Njanji inali itadzazidwa kupitirira mmene inapangidwira. Ndipo amene anasankha kunyamula amuna 500 m'mabogi amatabwa okhala ndi matanki a gasi, pa liwiro la sitima yothamanga, sanali Tinsley kapena Meakin. Kuiwala kwa Tinsley ndiko kunachititsa kuti sitima ziwombane, koma kuchuluka kwa amene anapsa kunachokera pa zimene anasankha anthu ena omwe sanaimepo m'khoti. Tikumbukirenso kuti panthawi ya nkhondoyo makampani a njanji ankayendetsedwa pansi pa ulamuliro wa boma, kotero boma limene linkafufuza ngoziyo linali ndi mbali pa kayendetsedwe ka sitimazo.

Druitt mwiniwake anavomereza kuti ngoziyo ikanapeweka pakanakhala chipangizo chamagetsi chimene chimazindikira kuti panjanji pali sitima n'kutseka chizindikiro kuti chisakokeke. Chipangizochi chinalipo kale m'malo ena, koma ku Quintinshill sikunaonedwe ngati kofunika mwamsanga chifukwa woyang'anira ankatha kuona njanji zonse pawindo. Iye ananenanso kuti moto ukanabukabe chifukwa cha makala a m'mainjini, komabe analimbikitsa kuti nyale za gasi zichotsedwe ndipo mabogi azipangidwa ndi zitsulo. Kusinthaku kunayenda pang'onopang'ono kwambiri, moti mabogi a gasi anapitirira kuyenda ku Britain kwa zaka zambiri nkhondo itatha.

Kodi ngoziyi imakumbukiridwa motani, ndipo malowo alipobe?

Kumanda a Rosebank kuli mtanda waukulu wamwala umene unavundukulidwa mu 1916, ndipo pazikwangwani za pakhoma palembedwa mayina a asilikali onse amene anafa. Anthu a ku Leith amasonkhana pamenepo chaka chilichonse mwezi wa Meyi. Pasiteshoni ya Larbert pali chikwangwani chachikumbutso, ku Gretna Green kuli chipilala chimene chinaimikidwa mu 1995, ndipo china chili pamlatho wa Blacksike, pomwe munthu amatha kuona malo a ngoziyo. Mu 2015, pokumbukira kuti patha zaka 100, kunachitika mapemphero ku Gretna ndi ku Leith, ndipo Princess Anne ndi Nicola Sturgeon, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa boma la Scotland, anapezekapo.

Njanji yodutsa ku Quintinshill tsopano ndi mbali ya West Coast Main Line, imene sitima zamagetsi za pakati pa London ndi Glasgow zimadutsamo tsiku lililonse. Kanyumba ka zizindikiro kanachotsedwa m'zaka za m'ma 1970 pamene njanjiyi inkaikidwa magetsi. Njanji ziwiri zopatukira zija zikugwirabe ntchito, koma zizindikiro zake zimayendetsedwa kuchokera ku Carlisle, ndipo sitima iliyonse yoima pamenepo imadziwika ndi zipangizo zamagetsi zimene zimatseka njira ya sitima ina.